Kukwera Chambe ndi Kutsika Tsiku Lomwelo

Iye amene anagonapo pa Likhubula nadzuka m'bandakucha, tambala wachiwiri asanalire, adziwa kuti phiri la Mulanje silionekera msanga monga achitira mapiri ena. Pakuti poyamba munthu amangoona mdima wandiweyani umene wameza nyenyezi zonse za mbali ya kum'mawa, ndipo pokhapokha kunja kukayamba kuyera, nkhungu ya m'mitsinje ili kunyamuka pang'onopang'ono, m'pamene amazindikira kuti mdima uja ndi mwala, thanthwe la Chambe, limene nsonga yake ili mamita 2,557 pamwamba pa nyanja yamchere. Pamenepo nkhongono za munthu wa m'tauni zimayamba kuzizira asanaponde n'komwe m'njira.

Ndinaima pomwepo m'mawa wina wa mwezi wa Juni pamodzi ndi mnzanga wa paubwana, bambo wa zaka zoposa 50, amene wakhala pa mpando wa mu ofesi ku Limbe chiyambire unyamata wake, ndipo amene adokotala anali atamuuza kuti magazi ake akuthamanga kopitirira muyeso, kuti azimwa mankhwala, achepetse mchere, ndiponso ayambe kuyenda. Anamvera, nayenda m'misewu ya kwawo madzulo alionse kwa miyezi itatu, ndipo adokotala atamuyezanso namuloleza, anadza kwa ine nati, "Achimwene, inu amene mukudziwa njira za kuphiri, nditengeni ndikadziyese." Mawu akuti kudziyesa ndinawasunga mumtima, chifukwa ndiwo mawu ake enieni: msewu wa pachidikha ukhoza kumunamiza munthu kuti akadali mnyamata, koma chitunda chimamuuza zoona za thupi lake.

Makolo athu mphamvu sankazifunafuna. Zinkawapeza zokha pa khasu, pa mtondo, pa mtolo wa nkhuni, ndi pa maulendo aja a ku Halale ndi ku Joni, amene ambiri ankawayenda wapansi milungu ndi milungu, kamba ali m'thumba, mkeka uli paphewa. Koma ife ana awo a m'mizinda timachoka pakama kukakhala m'minibasi, kuchoka m'minibasi kukakhala pampando, ndipo ngakhale kamtunda kochokera pa siteji kufika pakhomo timakapereka kwa mnyamata wa kabaza. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la WHO, unayeza anthu a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno, nupeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndi kuti ochuluka a iwo sankadziwa konse. Nthendayi siili m'tauni mokha, pakuti mchere, fodya, mowa ndi ukalamba zili paliponse. Koma kwa iye amene ntchito yake ndi ya pampando, kukhala chikhalire kumawonjezera nkhuni pamoto woyaka kale. N'chifukwa chake bungwe lomwelo limalangiza munthu wamkulu aliyense kuti pa mlungu azikhala ndi mphindi zosachepera 150 zogwiritsa thupi ntchito yoti mtima ugunde mofulumirirapo ndi mpweya ukwere.

Nanga phiri liposa bwanji msewu? Poyenda pachidikha, thupi limangokankhidwira kutsogolo, mwendo uwu kulandira kwa unzake, ndipo ntchito yake njochepa. Koma pokwera, phazi lililonse limanyamula munthu yense kumukweza m'mwamba. Kuchokera pa Likhubula kufika m'chigwa cha pamwamba pa Chambe munthu amakwera pafupifupi mamita 1,000, kotero kuti bambo wolemera makilogalamu 75 akafika pamwambapo amakhala atachita ntchito yofanana ndi kukweza thumba limodzi ndi theka la feteleza mtunda wonsewo. Minofu ya m'ntchafu, ya m'matako ndi ya m'katumba, pogwira ntchito yotere, imaitanitsa mpweya wochuluka. Mapapo amatseguka kufikira pansi pake, mtima umapopa mwamphamvu, ndipo minofuyo imakoka shuga m'magazi kuti ikhale nkhuni zake. Munthu akachita zimenezi kawirikawiri, mtima umaphunzira kutumiza magazi ambiri pa kugunda kumodzi, kotero kuti pamene mwini wake akupuma sufunanso kugunda mothamanga; mitsempha imafewa, miyendo imalimba, ndi tulo timabwera tokoma.

Pa ofesi ya zankhalango tinalembetsa maina, tinalipira ya pachipata, ndipo tinapatsidwa gaidi, mwana wa m'mudzi wa patsinde pa phirilo, wochepa thupi, wosachulutsa mawu. Asanafunse za china chilichonse anayang'ana kumapazi kwa mnzanga, amene anali atavala nsapato zatsopano zogula dzulo lake, nati mwaulemu, "Pepani bambo, ngati zakale zija mwabwera nazo, valani zomwezo; nsapato imene sinazolowerane ndi phazi imatupitsa matuza tisanafike n'komwe pakati." Mwamwayi zakale zinali m'galimoto. Kenaka anatsegulitsa zikwama zathu naona kamba: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, botolo la thobwa, madzi malita 2 munthu aliyense, juzi, chipewa, chovala cha mvula ndi tochi. Tochiyo mnzanga anafuna kuisiya, poti tinali kukabwerako dzuwa likadalipo, koma gaidi anaibwezera m'chikwama ndi dzanja lake osanena kanthu.

Tinatenga njira yotchedwa Skyline, imene inalandira dzinalo kuchokera ku chingwe chachitsulo chimene kale chinkatsitsa mitengo kuchokera pa Chambe. Njirayi njachidule koma njoimirira, ndipo siichedwa kuulula khalidwe lake. Poyamba imadutsa m'nkhalango ya mombo ndi misuku, pansi pali mayani ouma, anyani akubwebweta patali. Ndipo mnzanga, mphepo ya m'mawa itamukomera, anatsogola ndi mapazi aatali ngati munthu wothamangira basi. Gaidi sanamuletse. Patangotha mphindi ngati 20 tinamupeza ataima, manja ali pamaondo, thukuta lili kamukamu, mawu osatuluka. Pamenepo m'pamene mnyamata uja anayankhula, atayamba wadikira kuti mkuluyo apezeko mpweya: "Bambo, kuthamanga sikufika. Tsopano ine ndikhale patsogolo; pamene ndachotsa phazi langa, inu muziikapo lanu."

Mayendedwe amene anatiphunzitsa tsikulo ndiwo phunziro lonse la kuphiri, ndipo ndikhumba wowerenga aliyense atawaona ndi maso. Ankaponda timapazi tatifupi, tocheperapo kuposa ta munthu woyenda m'nyumba, naika phazi lonse pansi, chidendene ndi zala zomwe, m'malo mopondera kunsonga. Pamene pali mwala waukulu woti munthu n'kuukwera kamodzi, iye ankafuna timiyala tiwiri kapena titatu ta pambali pake, kuti bondo lisapindike kwambiri. Ndipo mpweya wake unkayendera limodzi ndi mapazi, kukoka pa awiri, kutulutsa pa awiri, mosasinthasintha ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Muyeso wa liwiro anatipatsa wapafupi: ngati ukhoza kucheza ndi mnzako koma sungathe kuimba nyimbo, ukuyenda bwino, ngati sungathe kumaliza chiganizo, wafulumira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi amapereka muyeso womwewo, koma iye sanauwerenge m'buku. Anauphunzira atasenza chikwama cha mlendo kumsana. Popuma sankatilola kukhala pansi nthawi yaitali, kuopa kuti minofu ingazizire; tinkangoima, kumwa madzi pang'ono ludzu lisanatigwire, kutafuna mtedza, ndi kupitirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo taonani, munthu uja amene analephera mphindi 20 zoyamba anayenda maola atatu otsatira osagwiranso maondo.

Chapakati pa chitunda tinamva mapazi akutsika mofulumira, ndipo gaidi anatikodola kuti tipatuke. Anali amayi anayi, aliyense atasenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa msinkhu wake, nkhata ya nsanza ili pamutu, wina atavala patapata, wina ali chosavala kumapazi. Pambuyo pawo panali mnyamata ndi thabwa lalikulu pamutu, khosi lili gwa, maso okha akuyendayenda kufuna popondapo. "Mwadzuka bwanji amayi?" anatero mnzanga, ndipo wotsogolayo, osatembenuza mutu chifukwa cha katundu, anayankha, "Tadzuka, kaya inu bambo, muyende bwino." Anapita ngati madzi. Tinakhala chete kanthawi, pakuti aliyense wa ife anaona chinthu chimodzimodzi: ife tinali kukwera kufuna moyo wautali, iwo anali atakwera usiku kufuna ufa wa tsikulo. Ndipo pasakhale wina wonena kuti anthu amenewa ndi odala chifukwa ali ndi mphamvu, pakuti katundu wotere si mankhwala. Amadya khosi, msana ndi maondo, ndipo ambiri a iwo amakalamba nthawi isanakwane. Chimene chimalimbitsa thupi ndi ntchito ya muyeso, yotsatana ndi chakudya ndi mpumulo. Ntchito yopanda muyeso imalitha. Munthu amene ali ndi mwayi wokwera phiri mwa kufuna kwake apatuke m'njira mwaulemu akakumana ndi iwo amene akwera mokakamizidwa ndi njala, ndipo gaidi wake kapena womunyamulira katundu amulipire mosanyinyirika.

Za nthawi imene ulendo ungatenge, pali chiwerengero chakale chimene William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anachikonza mu 1892, chakuti munthu awerengere ola limodzi pa makilomita 5 alionse, nawonjezere ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Pa njira yathu, ya makilomita ngati 7 ndi chikweza cha mamita 1,000, chiwerengerocho chimapereka maola atatu, osawerengera zopuma; ife tinatha anayi, ndipo sitinachite nazo manyazi. Anyamata a mpikisano wa Porters Race, umene umachitika chaka ndi chaka m'nyengo yozizira, amayambira pa Likhubula pomwepo, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, ndipo opambana amamaliza maola awiri atangopitirira pang'ono. Amenewo ndi ana a phirilo. Mlendo asadziyerekeze nawo.

Pofika pamlomo pa chigwa cha Chambe dziko limasandulika mwadzidzidzi. Mitengo ya kumunsi yatsala m'mbuyo, patsogolo pali udzu waufupi woweyuka ndi mphepo, timitsinje toyera mbee tikuyenda pamiyala, cheyo wamera m'ming'alu ya matanthwe, ndipo khungubwe wa khosi loyera akuzungulira m'mwamba. Ukacheuka umaona chidikha chonse chili pansi pako, midzi ngati nyemba zomwazika pamphasa, ndi phiri la Chiradzulu litaima lokha patali. Koma usanakhute kuona, kuzizira kumakugwira, pakuti pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera kutentha kumatsika ndi madigiri ngati 6, ndipo malaya onyowa ndi thukuta, mphepo ikawaomba, amasanduka ngati nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko. Apa juzi ivalidwe msanga munthu asanayambe kunjenjemera. Tinadya mbatata yathu pakhonde pa nyumba ya alendo, mlonda wa pamenepo atatiwiritsira madzi a tiyi. Ndipo mnzanga, amene kunyumba amadandaula kuti chakudya sichimukomera, anadya ndi makoko omwe.

Pakhondepo panali kafungo kamene aliyense wodziwa Mulanje amakazindikira ngakhale atatsinzina, fungo la mkungudza. Mtengo umenewu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri lino, ndipo umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, matabwa ake sadyedwa ndi chiswe ndipo saola msanga, ndipo ubwino wake womwewo ndiwo unauphetsa. Ngakhale phirili lakhala nkhalango yotetezedwa chiyambire 1927, macheka ndi moto wolusa sizinaleke, kufikira kuti akatswiri amene anayendera phiri lonse mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha ili chiimire. Kuyambira pamenepo anthu a m'midzi yozungulira, pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, afesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, ndipo gaidi wathu anationetsa timitengo tina tofika m'chiuno, natiuza kuti mdani wake wamkulu ndi moto wa m'chilimwe. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Ulemu umenewo ngwaukulu, koma mbande siikula ndi ulemu. Ndipo ndinaganiza za thabwa lija tinakumana nalo m'njira, ndi za mnyamata amene analisenza, amene sindingathe kumuweruza popeza sindinagonepo ndi njala yake.

Mnzanga, mphamvu zitabwerera, analoza kum'mawa nafunsa ngati sitingapitirire kufika ku Sapitwa. Gaidi anapukusa mutu. Nsonga imeneyo, ya mamita 3,002, yaitali koposa zonse m'Malawi, si ya ulendo wa tsiku limodzi kwa munthu wamba, ndipo dzina lake lenilenilo ndi chenjezo la akuluakulu. Iwo amati kumeneko ndi kwa mizimu, ndi kuti wapaulendo akapeza chakudya chokonzakonza pamwala adye mwakachetechete, osaitana mnzake. Kaya munthu azilandira motani nkhani zimenezi, mwambo umene zimaphunzitsa, wakuyenda modzichepetsa ndi kumvera eni dera, wapulumutsa anthu ambiri. Pakuti chiperoni, nkhungu ija ya mvula yowaza imene imadza ndi mphepo yochokera ku Mozambique m'miyezi yozizira, ikhoza kuphimba phiri m'kanthawi kochepa, kotero kuti munthu saona ngakhale mwala umene uli mapazi khumi patsogolo pake. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira wa ku Brazil, anasiya gaidi wake m'munsi napitirira yekha ku Sapitwa; nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu yoposa iwiri. Kuyenda awiri si mantha. M'nyengo ya dzinja ngozi yake ndi ina, ya mitsinje yodzaza mwadzidzidzi ndi nthaka yogumuka, imene makolo ankaitcha Napolo, ndipo anthu a ku Phalombe amene anaona za mu Malichi 1991, ndiponso za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, safuna wowafotokozera. Tsono lamulo la woyenda tsiku limodzi n'lakuti aikiretu nthawi yobwerera asananyamuke, ndipo ikakwana atembenuke, kaya wafika kumene amafuna kaya sanafike. Mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira. Ife tinanyamuka pa Chambe 1 koloko isanakwane.

Anthu ambiri amayesa kuti ntchito yatha akafika pamwamba, koma wodziwa phiri amaopa kutsika koposa kukwera. Pokwera amavutika ndi mtima ndi mapapo, ndipo izi zimachira munthu akangoima. Potsika imavutika ndi minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, imene imagwira ntchito ya mabuleki, kulimbana ndi kulemera kwa thupi pamene iyo ili kutamuka, ndipo ntchito ya mtundu umenewu imang'amba timinyewa ting'onoting'ono m'kati mwa mnofu. Ndiponso ndi potsika pamene munthu amakhala atatopa, maganizo ali kale kunyumba, phazi n'kuponda pa mchenga wa pathanthwe kapena pa muzu wonyowa. Tinatsikira njira ya Chapaluka, imene njotalikirapo koma yosaimirira kwambiri, yotsata mtsinje m'nkhalango ya mthunzi. Gaidi anapatsa mnzanga ndodo yake, namulangiza kuti maondo akhale opindika pang'ono nthawi zonse, asaponde ndi mwendo woongoka ngati mtengo, ndipo pamalo otsetsereka atsike cham'mbali. Anamumangitsanso zingwe za nsapato mothina, kuti zala zisamagunde kutsogolo ndi kudetsa zikhadabo. Ngakhale zinali choncho, titayenda maola awiri ndinaona miyendo ya mkuluyo ikunjenjemera poima, ndipo tinachepetsanso liwiro.

Dzuwa litapendeka tinafika pa Dziwe la Nkhalamba, pamene mtsinje wa Likhubula umagwa pathanthwe nugwera m'dziwe lakuya lozingidwa ndi miyala. Madzi ake ngozizira ngati achokera m'matalala, ndipo dziwelo lamezapo anthu, kotero wosadziwa kusambira asayerekeze. Ife tinangovula nsapato ndi kuviika mapazi m'mphepete. Mnzanga anakhala nthawi yaitali osayankhula, akuyang'ana madzi akugwa, kenaka anati, "Achimwene, zaka zonsezi ndimayesa kuti thupi langa linatha, kani linali kungodikira kuti ndilitume." Ndinakumbukira Kalebu wa m'Buku Lopatulika, amene ali ndi zaka 85 anapempha Yoswa kuti gawo lake likhale dziko la mapiri, pamene anthu a msinkhu wake akanapempha chidikha.

Koma pano ndiyenera kunena mosabisa, kuopa kuti wina angawerenge nkhaniyi nathamangira ku Mulanje Loweruka likudzali: tsiku limodzi la kuphiri silipatsa munthu mphamvu, limangomuonetsa pamene ali ndi kumupatsa njala yofuna kubwereranso. Mphamvu zimadza ndi kubwereza, ndipo zimene munthu wazipeza zimayamba kuchepa akangokhala milungu iwiri kapena itatu osachita kanthu. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Woyamba kumene ayambe ndi mphindi 30 za kuyenda mwachangu masiku asanu pa mlungu, kenaka afune kachitunda ka pafupi ndi kwawo, ndipo patapita miyezi iwiri kapena itatu ayese phiri la theka la tsiku. Dziko lathu silisowa mapiri: a ku Blantyre ali ndi Michiru, Soche ndi Ndirande, a ku Zomba ali ndi njira ija yotchedwa Potato Path yokwera kuchokera m'tauni, a ku Lilongwe ali ndi Bunda ndi Nkhoma, ndipo Dedza sali kutali, a kumpoto ali ndi chikweza cha Gorodi chochokera pa Chitimba kufika ku Livingstonia. Apite pagulu, auze a kunyumba njira imene atenge ndi nthawi yobwerera. Ndipo iye amene ali ndi nthenda ya mtima, ya shuga kapena ya kuthamanga kwa magazi ayambe waonana ndi adokotala, asasiye mankhwala poganiza kuti phiri lalowa m'malo mwake. Ndipo akamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena befu wosatha ngakhale ataima, aleke pomwepo ndi kutsika mothandizidwa.

Tinafika pa Likhubula mithunzi itatalika, maola asanu ndi anayi chinyamukire, tochi ija isanayatsidwe. Mnzanga anabweza ndodo kwa mwini wake ndi manja awiri, namulipira, nawonjezerapo, ndipo mnyamatayo analandira atagwira mkono wake wamanja ndi dzanja lamanzere, nati, "Zikomo bambo, mwayenda ngati munthu wa konkuno; mudzabwerenso tidzapite ku Lichenya."

Ululu wa m'ntchafu sunabwere tsiku lomwelo, kapena m'mawa mwake kwenikweni. Unafika pachimake tsiku lachiwiri, monga umachitira kawirikawiri, ndipo mnzanga anandiimbira foni kuti akutsika masitepe a ku ofesi chafutambuyo atagwira khoma. Ndinamuuza kuti asagone nazo, ayende pang'ono madzulo, adye nyemba, usipa kapena mazira kuti minofu ipeze chomangira, ndipo kuti timinyewa tija tikapola timakhala tolimba kuposa kale, kotero ulendo wachiwiri sadzamva kuwawa kotere. Pofika Lachisanu ululu unali utatha. Loweruka la mlungu wotsatira, 6 koloko m'mawa, ndinamupeza patsinde pa Michiru atafika kale, nsapato zakale zija zili kumapazi, mbatata ili m'chikwama, ndipo anali atabwera ndi mwana wake wamkazi ndi anzake awiri a ku ofesi. Titayamba chitunda, mmodzi wa anzakewo anatsogola ndi mapazi aatali. Mnzanga anamusiya apite, ndipo titamupeza ataima manja ali pamaondo, anadikira kuti apezeko mpweya, kenaka anapita patsogolo pake namuuza kuti aziponda pamene iye wachotsa phazi.